Nkhata, Ntchafu ndi Bondo: Mbiri ya Kusenza ku Tsangano ndi Macanga

Kusenza katundu pamutu ndiyo njira yakale kwambiri yonyamulira zinthu m'maboma a Tsangano ndi Macanga, kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Tete ku Mozambique. Mpaka lero madzi, nkhuni, chimanga chopita kuchigayo ndi mbatata ya kachewere yochokera kudimba zimafika pakhomo kapena pamsewu zili pankhata, ndipo osenza ambiri ndi amayi ndi atsikana. Woona ndi maso amayesa kuti cholemedwa ndi mutu ndi khosi basi. Koma m'dziko la mapiri ntchito yaikulu imagwera ntchafu ndi mawondo, popeza ndizo zimakweza munthu ndi katundu wake pachitunda, ndi kumuchirikiza kuti asagwe pamtsetse.

Maboma awiriwa ali pamtunda. Boma la Tsangano, lomwe linapatulidwa ku Angónia mu 1986, lagona m'malire a Malawi moyang'anana ndi Ntcheu, ndipo madera ake ndi Tsangano ndi Ntengo-wa-Mbalame. Boma la Macanga lili kumadzulo kwake. Likulu lake ndi Furancungo, dera lake lina ndi Chidzolomondo, ndipo kumpoto latsamira mapiri a Dzalanyama. Midzi yambiri ili pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene mzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi, sufika n'komwe mamita 200. Anthu amamanga pazitunda, pouma. Madzi ndi madimba zili kunsi, m'madambo ndi m'zigwa za timitsinje tothira mu Revúbuè ndi mitsinje ina yolowera ku Zambezi. Choncho wotunga madzi amatsika chimanjamanja n'kukwera atalemedwa, pamene wotola nkhuni amakwera phiri chimanjamanja n'kutsika ndi mtolo. Maulendo awiriwa amatopetsa mwendo mosiyana.

Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu inayi imene madokotala amaitcha quadriceps. Itatu imayambira pa fupa la ntchafu, wachinayi umayambira pa fupa la chiuno, ndipo yonse imakumana pamwamba pa bondo, n'kukuta kafupa kophwatalala ka patsogolo pa bondo kotchedwa patella, kenako n'kukamangirira pa fupa la msongolo. Bondo likamapindika, kafupaka kamatsetsereka m'kangalande ka kumapeto kwa fupa la ntchafu. Pokwera, minofuyi imafupika kuti iwongole bondo. Potsika imagwira ntchito ikutalika, kuletsa bondo kupindika mwadzidzidzi, monga amachitira munthu wotsitsa ndowa yodzaza amene amalekerera chingwe pang'onopang'ono. Bondo likapindika kwambiri, kafupa kaja kamapanikizika kwambirinso. Mu 1972 akatswiri awiri, Reilly ndi Martens, anawerengera kuti poyenda pachidikha kupanikizikako kumafanana ndi theka la kulemera kwa thupi, pamasitepe kumaposa kulemera kwa thupi katatu, ndipo ponyonyomala mpaka pansi kumafika kasanu ndi kawiri kapena kupitirira. Katundu wa pamutu ndi mwana wa kumbuyo amaonjezera pa kulemera kumene kukuchulukitsidwako.

M'nthawi ya Amaravi, pamene dzikoli linali pakati pa maufumu a Kalonga ndi Undi, kunalibe ngolo kapena nyama yonyamula katundu. Chilichonse chinkayenda pamutu, paphewa kapena kumsana kwa munthu. Makasu osulidwa m'midzi ya Amaravi, omwe ankafunidwa kwambiri ku Tete, nsalu za thonje zoomba pamanja ndi minyanga ya njovu zinkatsika kuchigwa cha Zambezi pa mapewa ndi mitu ya amuna. Koma ulendo wa malonda unali wa apo ndi apo, makamaka chilimwe. Katundu wa mkazi anali wa tsiku ndi tsiku. Mtsikana ankayamba ndi kamtsuko kakang'ono, amayi ake kapena achemwali ake akumusenzetsa ndi kumutula, ndipo pofika poti n'kutha msinkhu ankadendekera mtsuko waukulu osaugwira, manja ali pansi. Kudendekera kunali luso lonyaditsa, ndipo kukadali choncho. Mtsikana wotaya madzi panjira ankasekedwa. Wofika nawo odzaza ankatamandidwa kuti adzasunga banja.

Ntchito zina za pakhomo zinkachitikira pansi, mawondo ali opinda. Mawere ankaperedwa pamphero munthu atagwada. Nsima inkaphikidwa pamafuwa wophika atanyonyomala kapena atagwada. Kuzira nyumba, kuumba mbiya, kupeta ndi kuchapa kumtsinje, zonsezi zinali za pansi. Kusinja kokha ndiko kunali koimirira, komabe wosinja amapinda mawondo nthawi iliyonse imene munsi ukutsikira mumtondo. Pamwamba pa ntchito panali ulemu. Anamkungwi kuchinamwali ankaphunzitsa namwali kugwada popereka madzi, polankhula ndi akuluakulu ndi polandira alendo, ndipo mtsikana wosagwada ankaonedwa ngati wosalangidwa. Motero bondo la mkazi linkapinda ndi kuwongoka kuyambira mbandakucha mpaka usiku, kawirikawiri pali cholemera pamutu, kumsana kapena m'manja.

Pakati pa zaka za m'ma 1700 golide anapezeka kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, ndipo amalonda a ku Tete, Apwitikizi, anthu a ku Goa ndi ana awo obadwira konkuno, anatsegula misasa ya migodi monga Mano, Java ndi Maxinga. Okumba anali akazi. Akapolo aakazi ankagawidwa m'magulu oyang'aniridwa ndi mkazi wamkulu, ndipo ndiwo ankakumba maenje, kusenza dothi ndi miyala kupita nazo kumadzi, kuphwanya ndi kutsuka, pamene akapolo aamuna ankalondera msasa, kusaka ndi kuchita malonda. Apa ndi pamene luso limene mtsikana ankaphunzira kwa amayi ake linayamba kupindulira anthu ena. Mu July 1798 bwanamkubwa Francisco José de Lacerda e Almeida ananyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, ku Luapula, iye mwini atanyamulidwa pamachila. Amuna onyamula katundu ankathawa, kusiya mitolo panjira, ndipo Dona Francisca Josefa de Moura Meneses, mayi wolemera wa ku Tete amene ankadziwika kuti Chiponda, anapereka akazi a ku migodi ya Maxinga kuti asenze. Lacerda anamwalira mu October chaka chomwecho atangofika m'dziko la Kazembe. Dzina lake lili m'mabuku, koma akazi amene anasenza nsalu ndi mikanda yake anangolembedwa ngati gulu. Mu 1831 ulendo wina wopita kwa Kazembe, wa Monteiro ndi Gamitto, unadutsanso m'dziko la Amaravi, ndipo nawonso unadalira mitu ndi mapewa a anthu.

Amene ankadziwa njira ya kwa Kazembe anali a banja la Pereira. Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, amene anthu ankamutcha Dombo Dombo, anali ndi migodi ndi akapolo ambiri kumpoto kwa Tete. Cha m'ma 1840 Pedro Caetano Pereira, wotchedwa Choutama, anakhazikitsa ufumu wodziimira pawokha wa Macanga, umene dzina lake latsalira pa boma la lero. Iye ndi omutsatira, monga Chissaka, ankadalira asilikali a Achikunda ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Chakum'mawa, Angoni a Maseko atabwerera kuchokera ku Songea anakhazikika mozungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo pambuyo pake Chikuse. Achewa a m'derali anapanikizika pakati pa mphamvu ziwirizi. Ena anagwidwa n'kusanduka Angoni, ena anamanga malinga, ena anathawira pamwamba pa mapiri. Mudzi wa paphiri unkatetezeka ku mikondo, koma madzi ankatsalira kunsi, ndipo wotsikira kumeneko m'mawa uliwonse anali mkazi.

Angoni anabweretsanso ng'ombe zambiri, ndipo pakati pawo ukwati unali wa chitengwa. Pachikamwini mkazi amakhala pakati pa mbumba yake, ndipo akadwala mwendo achemwali ake kapena amayi ake aang'ono amamutungira madzi popanda mawu. Wotengwa amakhala mlendo pamudzi wa mwamuna. M'miyezi yoyamba maso a apongozi ndi alamu amakhala pa iye, kuona ngati amalawira kumadzi, ngati mtolo wake wa nkhuni ndi waukulu, ngati amagwada bwino. Wotereyu sadandaula msanga za bondo.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Achewa ndi Angoni pakati. Gomani woyamba, mfumu ya Angoni a Maseko, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, ndipo Chinsinga, mfumu yomaliza ya Macanga, anagonjetsedwa mu 1902 atagalukira Companhia da Zambézia, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1892. Ulamuliro watsopano unalibe misewu kapena magalimoto, kotero unafuna onyamula ochuluka kuposa kale. Angoni a m'mapiri awa anatchuka ngati amtengatenga m'njira za ku Blantyre ndi kumtsinje wa Shire, mtolo wa munthu mmodzi ukulemera pafupifupi makilogalamu 25. Azungu ankayenda pamachila, nsalu yomangirira kunsungwi yaitali, anyamata akusinthana uku akuthamanga ndi kuimba. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ndipo Apwitikizi nawo ankagwira anthu m'midzi. Kugwidwa kotereku, pamodzi ndi ntchito yokakamiza pamsewu wa Tete ndi Macequece, ndiko kunautsa nkhondo ya Barue mu 1917.

Chimene chinasintha moyo wa akazi kwambiri chinali kuchoka kwa amuna. Msonkho unkafunika ndalama, ndipo wolephera kulipira ankatengedwa kuchibalo. Pangano la Tete la mu 1913 linatsegula njira yoti amuna a m'chigawochi azilembedwa ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo minda ya nzimbe ya kunsi kwa Zambezi, makamaka ya Sena Sugar Estates, inkadalira amuna a ku Angónia, dera limene panthawiyo linkaphatikiza Tsangano. Ena ankadziyendera okha kupita ku Salisbury, ku Joni kapena ku minda ya tiyi ya ku Nyasaland. Kumudzi kunkatsala akazi, ana ndi okalamba. Ntchito zimene kale zinali za mwamuna, monga kututa chimanga kuchokera kumunda, kunyamula mitengo ndi udzu wofolera, ndi kupita ndi mbewu kusitolo, zinaonjezereka pa madzi ndi nkhuni. Misewu yoyamba inalambulidwa ndi makasu ndi madengu, ndipo lipoti la Edward Ross la mu 1925, lonena za ntchito yokakamiza m'mayiko olamulidwa ndi Apwitikizi, linafotokoza za akazi ogwira ntchito pamsewu ana ali kumbuyo. Lamulo la indigenato, limene linkaloleza zambiri mwa izi, linathetsedwa mu 1961.

Njanji inafika ku Moatize mu 1949, malole anayamba kukwera mapiri, ndipo machila ndi mtengatenga wa maulendo ataliatali zinatha. Kumeneku kunali kumasuka kwenikweni, koma kwa amuna. Lole imaima pamsewu, siitsikira kudambo. Ulimi wa mbatata ya kachewere, tirigu, nyemba ndi kabichi utakula m'mapiri ozizira a Tsangano, katundu wochoka kumunda kupita pamsewu anachuluka, ndipo mtunda woyambawo, womwe ndi wotsetsereka ndi woterera kuposa wina uliwonse, unakhalabe wa pankhata.

Nkhondo ziwiri zinabwezeretsa mtengatenga, tsopano akazi ali patsogolo. Frelimo inayambanso kumenya nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete mu March 1968, ndipo zipolopolo, mabomba, mankhwala ndi chakudya zinkalowa kuchokera ku Zambia pamitu ya anthu, usiku, m'njira za m'tchire. Gulu la akazi la Destacamento Feminino, lokhazikitsidwa mu 1967, pamodzi ndi amayi ndi atsikana a m'midzi, linasenza gawo lalikulu la katunduyu. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa, aldeamentos, kumene minda ndi madzi nthawi zambiri zinkatalikira. Ufulu utabwera pa 25 June 1975, minda ya atsamunda ya kuno inasanduka kampani ya boma ya CAIA, koma bata silinakhalitse. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Renamo ndi boma inafika m'mapiriwa, ndipo mu 1986 anthu anakhamukira ku Malawi mwaunyinji. Mu 1988 wofufuza wina, Robert Gersony, atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, analemba za anthu okakamizidwa ndi Renamo kusenza katundu maulendo a masiku ambiri ali ndi njala, ndi za olefuka amene ankamenyedwa kapena kuphedwa panjira. Analembanso madandaulo ena, ocheperapo, okhudza asilikali a boma. Pa ulendo wotere kufooka kwa mwendo kunali nkhani ya moyo ndi imfa.

Pofika 1992 m'Malawi munali othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ena mwa iwo atakhala m'midzi ya m'malire ku Ntcheu ndi Dedza pakati pa abale awo. Mitengo inatha msanga, ndipo mtunda wa kunkhuni unkatalika chaka ndi chaka. Pangano la mtendere la ku Rome litasainidwa pa 4 October 1992, mabanja ambiri anabwerera wapansi, mphika, mphasa ndi mbewu zili pamutu, n'kupeza ng'ombe zinatha, zitsime zinakwiririka ndipo njira zina zili ndi mabomba okwirira.

Kuyambira pamenepo zida zonyamulira zachuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Ngolo za ng'ombe zabwerera, njinga zakapalasa zili pafupifupi m'mudzi uliwonse, njinga zamoto zikunyamula anthu ndi matumba, ndipo malole amatenga kachewere m'misika ya m'malire monga Lizulu ndi Tsangano kupita naye ku Blantyre, Lilongwe ndi Tete. Koma ngolo ndi njinga zili m'manja mwa amuna ndi anyamata, ndipo zimanyamula chogulitsa. Chosagulitsa, madzi ndi nkhuni za pakhomo, chatsalira akazi. Chigayo chinachepetsa kusinja ndi kupera, n'kubweretsa ulendo wopita ndi chimanga ndi kubwera ndi ufa. Ku Macanga ulimi wa fodya wa pamgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco unakula m'zaka za m'ma 2000, ndipo nazale za fodya zimafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Mtsuko wadothi walowedwa m'malo ndi chigubu cha malita 20, chimene sichisweka ndipo sichitaya madzi, kotero chimapatsidwa ngakhale kwa mwana. Madzi a m'chigubu chodzaza amalemera makilogalamu 20. Kwa mtsikana wolemera makilogalamu 45, ameneyu ndi katundu woyandikira theka la thupi lake, ndipo banja la anthu 6 logwiritsa ntchito malita 20 munthu aliyense limafuna zigubu 6 patsiku.

Asayansi anayamba ndi kusirira luso la osenza. Mu 1986 Maloiy, Heglund ndi anzawo analemba m'magazini ya Nature kuti amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya ankatha kusenza katundu wofika 20 peresenti ya kulemera kwa thupi lawo popanda kuwononga mphamvu yoonjezera, ndiponso kuti ena ankasenza mpaka 70 peresenti. Nkhaniyi inafala kwambiri, ndipo ena anaimva ngati umboni woti kusenza sikuvutitsa mkazi wa mu Africa. Sizinali zimene kafukufukuyo anayeza; anayeza mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito, osati ululu. Mu 2010 Ray Lloyd ndi anzake, poyeza amayi a Chixhosa ku South Africa, anapeza kuti kupepukidwa kotere si kwa onse, ndipo amayiwo ankadandaula kupweteka kwa khosi. Gulu la Gina Porter, lofufuza za ana ndi maulendo awo ku Ghana, Malawi ndi South Africa, linapeza kuti atsikana amasenza kawirikawiri kuposa anyamata, ndi kuti ambiri amamva kupweteka m'mutu, m'khosi ndi m'chiuno.

Za bondo lenilenilo, vuto lofala kwambiri mwa achinyamata ndi kupweteka kwa patsogolo pa bondo, mozungulira kapena kuseri kwa kafupa kaja, kumene madokotala amakutcha patellofemoral pain. Sikuyamba ndi kugwa kapena kubinya. Kumabwera pang'onopang'ono, ndipo kumakula potsika phiri, pokwera, ponyonyomala, pogwada, ndi podzuka munthu atakhalitsa mawondo ali opinda. Ena amamva bondo likukhukhuluza, ena limawapindikira lokha ngati lifuna kuwagwetsa. Kuunika kwa Smith ndi anzake kwa mu 2018, kophatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, kunapeza kuti pachaka vutoli limakhudza anthu 22.7 pa 100 alionse, ndi achinyamata 28.9 pa 100. Pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku America, Boling ndi anzake anatsatira ophunzira 1,525 ndipo mu 2010 analemba kuti akazi ankadwala vutoli kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amuna. Kale madokotala ankati chifukwa chake ndi kutambalala kwa chiuno cha mkazi, kumene kumapendeketsa fupa la ntchafu, koma kafukufuku wotsatira anthu kwa nthawi yaitali sanatsimikize ganizo limeneli. Chimene chaoneka mobwerezabwereza ndi mphamvu ya minofu. Kuunika kwa Lankhorst ndi anzake ku Rotterdam mu 2012 kunasonyeza kuti anthu amene minofu yawo yowongola bondo ndi yofookerapo ndiwo amayamba kudwala. Mu 2003 Ireland ndi anzake anayeza atsikana 15 a zaka 12 mpaka 21 odwala bondo, n'kupeza kuti minofu ya m'mbali mwa chiuno yotsegula mwendo inali yofooka ndi 26 peresenti, ndipo yotembenuzira ntchafu kunja ndi 36 peresenti, poyerekeza ndi anzawo osadwala. Minofu imeneyi ikafooka, bondo limagwera m'kati munthu akaponda ndi mwendo umodzi, ndipo kafupa kaja kamakhuzika mbali imodzi.

Pano pali mfundo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa wina angafunse kuti mtsikana wokwera phiri ndi chigubu tsiku lililonse angakhale bwanji ndi ntchafu zofooka. Choyamba, mphamvu imayezedwa poyerekeza ndi katundu: ntchafu yokwanira kunyamula thupi lokha ikhoza kuperewera pa thupi, chigubu ndi mwana. Chachiwiri, ululu umafooketsa mnofu. Bondo likapweteka kapena kutupa, ubongo umachepetsa uthenga wopita ku minofu ya ntchafu, mwini wake asakufuna, ndipo munthu amayamba kutsamira mwendo winawo. Pakapita miyezi ntchafu ya mwendo wodwala imaonda, bondo limasowa chochirikiza, ululu n'kukula. Ku Aalborg, m'dziko la Denmark, Michael Rathleff ndi anzake anapeza kuti ana a zaka 12 mpaka 16 odwala bondo anali asanafooke, pamene atsikana okulirapo, amene anali atadwala nthawi yaitali, anali ofooka. Anapezanso kuti oposa theka la achinyamata odwala bondo anali akumvabe ululu patapita zaka ziwiri. Choncho mawu oti "zidzatha akakula" alibe maziko, ndipo mtsikana amene wayamba kuzengereza potsikira kuchitsime si waulesi ayi. Kumunena ulesi n'kumulakwira kawiri.

Pa zonsezi pamaonjezereka kukwatiwa msanga. Kafukufuku wa zaumoyo wa ku Mozambique wa mu 2011 anapeza kuti pafupifupi theka la amayi achitsikana anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo lamulo loletsa maukwati oterewa linakhazikitsidwa mu 2019. Mtsikana woyembekezera kapena wobereka mwana kumbuyo amasenza katundu pawiri thupi lake lisanakhwime, nthawi zina magazi ali ochepa. Zotsatira zina zimaoneka ukalamba ukayandikira. Kafukufuku wa ku Beijing wa mu 2004 anapeza kuti okalamba amene ankanyonyomala nthawi yaitali patsiku ali ndi zaka 25 anali ndi nyamakazi ya m'mawondo kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo ku Britain zaoneka kuti ntchito yophatikiza kugwada ndi kunyamula zolemera imaperepesa mawondo msanga.

M'midzi ya Achewa ndi Angoni bondo lopweteka lakhala likuchizidwa ndi kuthowa ndi madzi otentha kapena masamba ofunditsa, kutikita, kumanga ndi nsalu, ndi kutema mphini n'kupakamo mankhwala a sing'anga. Mawondo a agogo ambiri ali ndi timizere ta mphini. Kuthowa ndi kutikita kumatonthoza ululu ndithu, koma sikubwezera mphamvu ya ntchafu, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda a m'magazi. Palinso matenda ena amene sayenera kusokonezedwa ndi vuto ili. Bondo lotupa, lotentha, lobwera ndi kutentha thupi likhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo limafuna chipatala tsiku lomwelo. Lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuonda, likhoza kukhala TB ya m'mafupa. Mwendo wa mwana wolobodoka mwadzidzidzi ukhoza kukhala poliyo, matenda amene anaonekanso ku Lilongwe kumayambiriro kwa 2022 ndi mwa ana 8 m'chigawo cha Tete chaka chomwecho.

Chithandizo chimene akatswiri a mafizo amagwirizana nacho lero pa kupweteka kwa patsogolo pa bondo si opaleshoni kapena jakisoni, koma kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi ya chiuno pamodzi. Wodwala amagona chagada n'kumakweza mwendo uli wowongoka. Amagona chammbali n'kumakweza mwendo wa pamwamba. Amadzuka ndi kukhala pampando pang'onopang'ono osagwira. Kenako amakwera ndi kutsika pakhonde lalifupi, akuyang'anira kuti bondo lisagwere m'kati. Izi zimachitika masiku angapo pasabata kwa masabata 6 mpaka 12, ndipo kaululu kochepa kotha msanga sikoletsa kupitiriza. Akatswiri a mafizo a ku Mozambique amaphunzitsidwa ku ISCISA ku Maputo, ndipo chipatala chachikulu cha chigawo chili mumzinda wa Tete, kutali ndi Furancungo ndi Tsangano. Oyandikira midzi ndi azaumoyo a m'mudzi, amene ntchito yawo inayamba mu 1978 pa dzina loti APE n'kutsitsimutsidwa mu 2010, ngakhale maphunziro awo amatsamira pa malungo, kutsegula m'mimba, chibayo ndi uchembere. Masewero olimbitsa ntchafu safuna chida chogula, koma amafuna kuti m'masabata oyambirira katundu achepe, kugwada ndi kunyonyomala kwa nthawi yaitali kulekedwe, ndipo mitsetse yaikulu ipewedwe. Pakhomo la ku Tsangano kapena Macanga izi zimatheka pokhapokha chigubu chitadzazidwa theka, mjigo utakhala pafupi, kapena njinga ya mchimwene ndi ngolo ya bambo zitapatsidwanso ntchito yotunga madzi ndi kututa nkhuni.